Nyanja yamchere pabalaza, mumzinda wopanda gombe

Mzinda wa Blantyre uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene madzi a nyanja yamchere amalekezera, ndipo gombe lapafupi lili m'dziko la eni, ku Mozambique. Komabe alipo anthu ku Namiwawa, ku Nyambadwe, ku Kanjedza ngakhalenso ku Machinjiri amene mtima umawadumpha akaona thanki yagalasi yowala, tinsomba tachikasu ndi tabuluu tikuzembazemba m'miyala. Ena anaziona ndi maso ku uShaka Marine World ku Durban kapena ku Two Oceans Aquarium ku Cape Town. Ena anangoziona pa foni. M'mabanja ena nkhani imayambira pa mwana amene waonera filimu ya Finding Nemo ya mu 2003 mpaka kuiloweza, n'kuyamba kuvuta makolo kuti akufuna kansomba kaja ka mizere yoyera.

Ndiye kodi munthu amene sanawetepo nsomba n'kamodzi komwe angaike nyanja yamchere pabalaza pake muno mu Blantyre? N'zotheka ndithu. Koma chimene chidzamusowetse tulo ndi magetsi, madzi a pampopi ndi ndalama zakunja, osaiwala mtima wotha kuyang'ana thanki yopanda kanthu kwa mwezi ndi theka osagula chamoyo chilichonse. Mabuku ndi mavidiyo ambiri ophunzitsa zimenezi anakonzedwa ndi anthu a ku Ulaya ndi ku America, kumene magetsi sazimazima ndipo shopu ya mchere ili kuseri kwa nyumba. Malangizo awo ndi abwino, koma amadumpha mitu imene kwathu kuno ndiyo yoyambirira.

Thanki ndi poiika

Wongoyamba kumene amaganiza kuti kathanki kakang'ono ndiko kosavuta. Madzi ochepa amasintha msanga: dzuwa likawomba pang'ono atentha, kachakudya kakaola aipa, akauma pang'ono mchere wakwera. Pomwe nsomba za m'matanthwe a nyanja yamchere zinazolowera madzi amene amakhala chimodzimodzi chaka chonse, ndipo matupi ake sadziwa kupirira kusintha kwadzidzidzi. N'chifukwa chake odziwa amalangiza kuyamba ndi malita 150 kapena 200. Thanki ya masentimita 100 m'litali, 40 m'lifupi ndi 50 kupita m'mwamba imalowa malita 200 ndendende.

Amisiri odula magalasi ku Limbe ndi m'tauni alipo, ndipo thanki yotere atha kuipanga mukawafotokozera bwino. Pofotokozapo muumirire zinthu ziwiri. Galasi la zenera, la mamilimita 3 kapena 4, lisayandikire n'komwe. Pakufunika la mamilimita 8 kapena 10, ndi kagalasi kopingasa pamwamba kuti mbali zisatukuke. Chachiwiri ndi silikoni womatira. Amene amagulitsidwa wa kubafa nthawi zambiri amakhala ndi mankhwala opha nkhungu, ndipo mankhwala omwewo amapha nsomba pang'onopang'ono. Ikauma, muidzaze madzi wamba pakhonde n'kuisiya masiku angapo. Ngati ili yodontha, idonthere panja, osati pa matailosi a alandilodi.

Madzi malita 200 ndi makilogalamu 200. Mukaonjeza galasi, miyala ndi mchenga mwayandikira makilogalamu 300, kulemera kwa matumba asanu ndi limodzi a chimanga. Tebulo la khofi silingathe. Owotcherera a ku Ndirande angakupangireni choikapo chachitsulo cholimba, koma muchipake penti mokwanira poti mchere ndi chitsulo sizimvana, ndipo chikhale chosapendekeka ngakhale pang'ono.

Malo ake akhale kutali ndi zenera, chifukwa dzuwa limatenthetsa madzi ndi kumeretsa ndere. Ndipo pali mdani wina amene mabuku akunja samutchula kawirikawiri: mankhwala a udzudzu. Doom wopoperedwa pabalaza madzulo, kapena koilo yoyatsidwa pafupi, zimatera pamwamba pa madzi, pampu ya mpweya n'kuzilowetsa mkati. Mankhwala amtunduwu ndi poizoni woopsa kwa nsomba ndi tizamoyo ta m'madzi. M'nyumba ya thanki, udzudzu muulimbane nawo ndi neti.

Madzi a pa Walker's Ferry ndi mchere wa ku Joni

Gawo lalikulu la madzi a m'mipopi ya mu Blantyre limachokera mumtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry. Bungwe la Blantyre Water Board limawapopa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 n'kuwakweza mamita ngati 800 kuti afike mumzinda. Ena amachokera ku damu la Mudi, ndipo kuyambira mu 2019 enanso amabwera kuchokera ku Likhubula, m'phiri la Mulanje. Madziwa amathiridwa klorini kuti ife tisadwale kolera, ndipo m'poyenera kutero. Koma klorini yemweyo amawotcha ziwalo zopumira za nsomba. Kuonjezera apo, madzi a pampopi amanyamula tinthu tina tosungunuka timene kwa munthu si kanthu, koma m'thanki yamchere timadyetsa ndere mpaka galasi lonse kubiriwira. Madzi a pamjigo kapena pachitsime nawo musawakhulupirire msanga, makamaka m'madera othithikana kumene zimbudzi zokumba zili pafupi.

Oweta nsomba zamchere amagwiritsa ntchito sefa yotchedwa RO, imene imakankha madzi pa kachikopa kopyapyala kwambiri n'kutsala madzi okhaokha. Ili ndi makhalidwe ake. Pa lita imodzi yabwino imataya malita atatu kapena anayi, ndiye konzani ndowa kuti otayikawo akathirire ndiwo zamasamba kapena kuchapira. Imafunanso madzi obwera mwamphamvu, choncho kumadera okwera kumene mpopi umangodontha muyenera kuonjezera kapampu kokankha.

Tsopano mchere. M'lita imodzi ya madzi a nyanja yamchere muli magalamu pafupifupi 35. Mchere wa kukhitchini, kaya wosalala kaya wamibulu wa mumsika wa Limbe, sungagwire ntchitoyi, chifukwa madzi a m'nyanja alinso ndi magineziyamu, kashiyamu, potaziyamu ndi zina zimene zamoyo za kumeneko zimadalira. Pamafunika mchere wosakanizidwa kufakitale, ndipo kwa ife njira yapafupi ndi South Africa. Tiwerengetsere limodzi. Kudzaza thanki ya malita 200 koyamba ndi makilogalamu 7. Sabata iliyonse mumachotsa chigubu chimodzi cha malita 20 n'kuthira madzi atsopano, omwe ndi magalamu 700. Pachaka ndi makilogalamu 36. Chaka choyamba chokha mwadutsa makilogalamu 40 a mchere wogulidwa ndi randi, wokwera basi kapena thiraki kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza. Amene amakumbukira kugwa kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, akudziwa kuti bajeti ya katundu wotere imalembedwa ndi pensulo. Ine ndinganene kuti amene sangathe kusunga mchere wa miyezi isanu ndi umodzi m'nyumba asayambe, chifukwa tsiku limene ukuthera ndi lomwe wa thiraki wachedwa pa boda.

Kuchuluka kwa mchere kumayezedwa ndi kachipangizo koyang'aniramo kokhala ngati kapaipi, ndipo nambala yofunika ndi 1.025 kapena pafupi pomwepo. Apa m'pamene ambiri amapunthwa: madzi akamauma, mchere suuma nawo. Umatsala. Mwezi wa Okutobala thanki itha kutsika ndi lita imodzi kapena awiri patsiku, ndipo amene amabwezeramo madzi amchere akukometsa ndiwo zimene zawawa kale. Obwezera akhale madzi a RO opanda mchere. Jambulani kamzere pagalasi, madzi azifika pomwepo tsiku lililonse.

Mwezi ndi theka wa thanki yopanda nsomba

Nsomba imatulutsa amoniya, ndipo chakudya chotsala chikaola chimatulutsanso amoniya. M'nyanja zimenezi zimasowa m'madzi ambirimbiri. M'bokosi lagalasi zilibe kolowera. Amene amapulumutsa nsomba ndi mabakiteriya okhala pamiyala ndi mumchenga: gulu lina limasandutsa amoniya kukhala naitraiti, amene nayenso ndi woipa, ndipo gulu lachiwiri limasandutsa naitraitiyo kukhala naitreti, amene nsomba zimamupirira ngati sanachuluke. Naitreti ndi amene mumamuchepetsa ndi chigubu chija cha sabata ndi sabata.

Thanki yatsopano ilibe mabakiteriya amenewa. Amayenera kuswana kaye, ndipo zimatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Kunja anthu amafupikitsa nthawi pogula miyala yochokera m'nyanja imene ili kale ndi zamoyo zake. Kuno miyala yotere ingafike itafa n'kununkha. Njira yathu ndi miyala youma ya mtundu wa laimu, ya timabowo tambiri, yotsukidwa bwino popanda sopo. Ikani mchenga, miyala ndi madzi, yatsani mapampu ndi hita, ponyanimo kachidutswa ka nsomba yaiwisi kuti kaole, kapena mabakiteriya a m'botolo ngati mwawapeza. Kenaka muziyeza. Amoniya akwera n'kutsika, naitraiti akwera n'kutsika, naitreti ayamba kuoneka. Ziwiri zoyambazo zikafika pa ziro n'kukhala pomwepo, thanki yapsa.

Mkati mwa masabata amenewa mchenga udzachita dzimbiri lofiirira ndipo alendo adzakufunsani ngati nsombazo zabisala. Dzimbirilo ndi tizomera ting'onoting'ono timene timatha tokha. Alendowo ndi amene ali ovuta, chifukwa manyazi ndi amene amathamangitsira munthu kukagula nsomba nthawi isanakwane. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito ino mawuwo alibe chowonjezera. Timabotolo toyezera amoniya, naitraiti ndi naitreti muitanitse pamodzi ndi mchere. Popanda timeneti mukungolota.

Magetsi akapita

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la pa Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 tsiku limodzi. Kukonza kunatenga nthawi yoposa chaka, ndipo anthu a mu Blantyre akukumbukira maola amene ankakhala mumdima. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy, amene anatenga miyoyo yambiri ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche, anaimitsanso makina opangira magetsi pa Shire, ndipo popeza madzi a mumzinda amakwera ndi mapampu a magetsi, mipopi inauma nayo. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Shire akadwala, kaya ndi zinyalala za dzinja kaya ndi kuchepa kwa madzi, thanki yanu yadwala.

Chimene chimapha nsomba magetsi akazima si mdima. Ndi mpweya. Pa kutentha kofanana, madzi amchere amasunga okosijeni wochepa ndi pafupifupi 20 peresenti poyerekeza ndi madzi a mumtsinje, ndipo okosijeniyo amalowa mokwanira pokhapokha pamwamba pa madzi pakugwedezeka. Mapampu akaima, nsomba ndi mabakiteriya aja zimapitiriza kupuma, ndipo m'thanki yodzaza nsomba, tsiku lotentha, maola ochepa okha ndi okwanira kuti muzipeze zikupuma wefuwefu pamwamba. Mabakiteriya a m'sefa ya thankiyo akafa, magetsi pobwera pampu imathira madzi owola m'thanki. Anthu ambiri amataya nsomba magetsi atabwera kale, n'kumadabwa.

Choncho inveta ndi batire zigulidwe nsomba isanabwere. Masamu ake ndi awa. Batire la mavoti 12 ndi maampu 100 limasunga mawati 1,200 a ola limodzi, koma la mtundu wakale la asidi simuyenera kulitsitsa kupitirira theka, ndiye muli ndi 600. Mapampu awiri ang'onoang'ono odya mawati 30 onse pamodzi angayende usiku wonse ndi m'mawa womwe. Hita ya mawati 200 ingalimalize m'maola atatu. Ndiye pa batire lumikizani mapampu okha. Nyali zitha kudikira. Nsomba sizifa ndi tsiku limodzi la mdima. Sola padenga imathandiza masana, ndipo kapampu ka mpweya koyendera mabatire a tochi kazikhala m'kabati nthawi zonse. Zonse zikakanika, tengani jagi, tungani madzi a m'thanki momwemo n'kuwathira kuchokera m'mwamba, mobwerezabwereza mphindi zingapo zilizonse. Ndi ntchito yotopetsa, koma yapulumutsa nsomba zambiri.

Kutentha kwa madzi kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 26. Blantyre amakupatsani mavuto mbali zonse ziwiri. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikatsika ku Bangwe, ku Mpingwe ndi ku Chigumula, usiku kumazizira mpaka madigiri 12 kapena kutsikirapo, ndipo magetsi akazima usiku wotero thanki muifunditse bulangete n'kuikamo mabotolo otseka a madzi ofunda otenthetsa pa mbaula panja. Mu Okutobala ndi Novembala kunja kumadutsa madigiri 30. Apo tsegulani chivindikiro, fani iwombe pamwamba pa madzi, ndipo muonjezere madzi obwezera poti auma msanga.

Nsombazo zichokera kuti

Mchere ndi mapampu zitha kubwera pamsewu. Nsomba ayi. M'thumba la pulasitiki lothiridwa okosijeni nsomba imapirira tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ulendo wa basi kuchokera ku Johannesburg, kuphatikizapo maboda atatu, umadya nthawi yonseyo. Njira ndi ndege yotera pa Chileka, ulendo wa maola awiri okha. Koma musanaitanitse, pitani ku Dipatimenti ya Usodzi. Lamulo losamalira ndi kuteteza nsomba limafuna chilolezo kuti munthu alowetse nsomba zamoyo m'dziko muno, ndipo si lamulo longovutitsa. Mu 2020 matenda a zilonda za nsomba anabuka ku Mchinji, m'dera la mtsinje wa Bua umene umakathira m'nyanja ya Malawi, ndipo aliyense anaona mmene matenda amayendera m'madzi. Makorali olimba nawo ali pansi pa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zamoyo zachilengedwe pakati pa maiko. Chidebe cha nsomba ndi miyala yotola pagombe ku Mozambique pobwera ku holide chingakuikeni m'mavuto pa boda, ndipo kawirikawiri zimafera m'njira.

Kansomba ka mwana wanu kaja, Amphiprion ocellaris, mwamwayi ndi kabwino kuyambira. Anthu akhala akukaswetsa m'mathanki kuyambira m'ma 1970, ndipo koswedwa m'thanki kamadya chakudya chouma, sikachita mantha, komanso sikanachotsedwe m'nyanja. Gulani tiwiri tating'ono. Tonse timabadwa tatimuna, ndipo kamene kakula kuposa kanzake kamasanduka kakakazi. Tikasamalidwa timakhala zaka zoposa khumi, zimene makolo ayenera kuziganizira, poti mwanayo adzakhala ali ku koleji inu mukusakanizabe mchere. Mnzake wabuluu wa m'filimu muja, Paracanthurus hepatus, musiyeni: amakula mpaka masentimita 30, amafuna thanki yaikulu kwambiri ndipo sachedwa kudwala. Funsaninso kumene nsomba yachokera. Ku Philippines ndi ku Indonesia asodzi ena amagwira nsomba zokongoletsa pozikomola ndi poizoni wa sayanaidi, ndipo nsomba yotero imafika ikuoneka bwino n'kufa patapita masabata. Makorali adikire chaka. Amafuna nyali zamphamvu ndi madzi osasinthasintha kuposa nsomba.

Zimene azungu amadzafuna ku Salima

Pali chinthu chimodzi chimene chimandidabwitsa pa nkhani yonseyi. Pamene ife tikulimbana ndi mafomu kuti tilowetse nsomba za ku Indonesia, m'mashopu a ku Germany, ku Japan ndi ku America muli mizere ya mathanki a nsomba za m'nyanja ya Malawi, ndipo anthu amazikonda chifukwa chomwecho chimene ife tikufunira zamchere: maonekedwe. Akatswiri amati m'nyanja yathu muli mitundu pakati pa 700 ndi 1,000 ya nsomba za banja la chambo, kuposa nyanja ina iliyonse padziko, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina. Zokongola kwambiri ndi mbuna, tinsomba ta m'miyala timene Geoffrey Fryer anatifufuza ku Nkhata Bay m'ma 1950. Ndizo zinachititsa kuti paki ya Lake Malawi National Park ikhazikitsidwe ku Cape Maclear mu 1980, ndi kuti bungwe la UNESCO liiike pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984.

Malonda otumiza nsombazi kunja ali ndi mbiri yake. Stuart Grant anakhazikika pa Kambiri Point ku Senga Bay m'ma 1970, ndipo mpaka imfa yake mu 2007 magulu ake a anthu omira m'madzi ankagwira nsomba m'zilumba ndi m'matanthwe n'kuzikweza ndege. Nsomba ina yokongola, Aulonocara stuartgranti, inatchedwa dzina lake. Wolemba mabuku wa ku Netherlands, Ad Konings, amene wajambula nsombazi kwa zaka zambiri, mu 1990 anapatsa kansomba kena dzina la Saulos Mwale, Mmalawi womira m'madzi amene ankagwira ntchito ndi Grant. Lero kamatchedwa Chindongo saulosi: kakamuna kabuluu ka mizere yakuda, kakakazi kachikasu, ndipo kwawo ndi thanthwe limodzi lokha la pansi pa madzi, Taiwanee Reef, kufupi ndi chilumba cha Chizumulu. Kanakondedwa kwambiri mpaka kutsala pang'ono kutha kwawoko, ndipo zaka zapitazi okonda nsomba anayamba kubwezerako tina toswedwa m'mathanki. Malondawa ali ndi mabala ake, ndipo sitiyenera kuwabisa. Koma n'zochititsa manyazi pang'ono kuti dzina la Mwale limadziwika m'magulu a oweta nsomba ku Ulaya kuposa ku Limbe.

Tsono kumbukirani kumene madzi a pampopi panu achokera. Shire amatuluka m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, kudutsa nyanja ya Malombe ndi ku Liwonde, n'kufika pa Walker's Ferry. Mjeremani amagula mankhwala kuti madzi ake afanane ndi a nyanja yathu, amene pH yake imakhala pafupi ndi 8. Inu madziwo amakupezani kukhitchini. Chotsani klorini, kaya ndi mankhwala ake kaya powasiya m'ndowa tsiku limodzi kapena awiri mpweya ukuwira, ndipo muwayeze, makamaka ngati dera lanu limalandira a ku Mulanje, amene ndi a m'phiri ndipo sangafanane ndi a m'nyanja. Poweta mbuna, sefa ya RO simuifuna. Makilogalamu 40 a mchere aja simuwafuna. Miyala ya m'mapiri athu, yotsukidwa bwino ndi yopanda zitsulo, ikwanira.

Zotsalazo ndi sukulu yomweyo. Thanki ya malita 200, masabata odikira mabakiteriya, hita ya chiperoni, batire la mapampu, chigubu cha Loweruka lililonse. Kusiyana kwake n'kwakuti mbuna zimakhululuka zolakwa zimene nsomba zamchere sizingakhululuke. Ine ndikanati munthu ayambe ndi zimenezi chaka chathunthu, aone Julayi ndi Okutobala, aone magetsi akuzima pakati pa usiku, ndipo akadzafunabe nyanja yamchere adzakhala atagula kale theka la zipangizo ndipo akudziwa nyumba yake.

Musaganize kuti mbuna ndi zofatsa. Yaimuna imasankha mwala wake n'kuulondera tsiku lonse, ndipo m'thanki ya nsomba zitatu yamphamvuyo imazunza ziwirizo mpaka kufa. Mankhwala ake ndi odabwitsa: kuchulukitsa. M'malita 200 muike khumi ndi ziwiri kapena khumi ndi zisanu za mitundu ing'onoing'ono, yaimuna imodzi pa zazikazi zitatu kapena zinayi, ndi miyala younjikana mpaka pamwamba kuti wothamangitsidwa azipeza pobisala. Wovutayo akakhala ndi adani ambiri sakhalitsa pa mmodzi. Kuchulukako kumafuna sefa yamphamvu. Yoyambira yabwino ndi Labidochromis caeruleus yachikasu, imene kwawo ndi ku Lion's Cove kumpoto kwa Nkhata Bay ndipo ilibe ndewu kwambiri. Pa chakudya samalani: mbuna zambiri m'nyanja zimadya ndere za pamiyala, matumbo ake ndi aatali, ndipo mukazidyetsa zanyamanyama zimatupa mimba n'kufa. Chakudya chochokera ku zomera, pang'ono, chimene chithe m'mphindi imodzi.

Mphoto yake imabwera tsiku limene mudzaone yaikazi yasiya kudya, kukhosi kwake kutatupa. Siikudwala. Yanyamula mazira m'kamwa, ndipo idzawasunga momwemo pafupifupi masabata atatu osadya, mpaka idzalavule tiana tosambira kale. Mwana wa sukulu amene waona zimenezi pabalaza sadzayang'ananso chambo cha m'mbale chimodzimodzi, poti nachonso chimalera ana ake m'kamwa, ndipo mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo pa gulu la nsomba zimene zili pafupi kutheratu.

Kupeza mbuna kukhale kwa njira yoyenera: kwa oswetsa kapena kwa amene ali ndi chilolezo, mutafunsa ku ofesi ya usodzi. M'paki ya ku Cape Maclear madzi a mamita 100 kuchokera kugombe ndi otetezedwa, ndipo kupita ndi neti ya udzudzu pa Otter Point ndi mlandu. Ndipo nsomba ikalowa m'thanki isabwererenso m'madzi a chilengedwe, kaya ndi m'nyanja, mu Mudi kapena m'damu. M'ma 1960 mbuna za kumpoto kwa nyanja zinatayidwa pa chilumba cha Thumbi West, ndipo ofufuza anadzapeza kuti imodzi mwa izo, Cynotilapia afra, inaswana ndi mbuna za pamenepo n'kusokoneza mtundu. Namasupuni amene amatseka Shire pa Liwonde kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'maiko ambiri chifukwa anthu ankakonda maluwa ake. Tiana tikachuluka, gawirani anzanu a mathanki kapena sukulu yapafupi, ndipo ta mitundu yosakanikirana musatigawe.

Chotsala ndi ulendo. Uthenga wa maliro supangana ndi munthu, ndipo tsiku lina mudzanyamuka m'bandakucha kupita ku Thyolo kapena ku Ntcheu kwa masiku atatu, thanki n'kutsala ndi mlamu wanu kapena mnyamata wothandiza pakhomo. Muwaonetse lero, zinthu zili bwino, pamene pali kapampu ka mabatire ndi mmene kamayatsidwira, kamzere ka madzi pagalasi ndi botolo lobwezera. Nsomba yathanzi imatha masiku angapo osadya popanda vuto, koma munthu wachifundo akaona zikumuthamangira kugalasi amathira dzanja lonse, madzi n'kuola usiku womwewo. Muwasiyire chakudya cha tsiku lililonse m'timapepala topindapinda, chitini chachikulucho muchitsekere m'kabati, kiyi mupite naye.